Kathumba ka Mayi Ulusi

Dzina loti Mayi Ulusi analipeza imvi zitayamba kale. Anawapatsa ndi azimayi a m'wodi ya ana obadwa masiku asanakwane, chifukwa akafika m'mawa ulusi umakhala uli paliponse: paphewa, m'tsitsi, wina utalendewera pamlomo ngati akufuna kuumeza. Iwo sanalikane dzinalo. Ankati bola kutchedwa ulusi kusiyana n'kutchedwa mopu, pakuti mopu ndi imene anaigwira zaka makumi awiri ndi ziwiri m'chipatala chomwecho.

Ntchito yawo inali yokolopa ndi kutaya zimene ena safuna kuziona. Anataya mabeseni a magazi, anachapa zofunda zimene odwala anadziipitsiramo, anatola mabandeji a mafinya amene anesi atsopano ankawanyamula ndi zala ziwiri, nkhope itayang'ana kumbali. Iwo m'mimba simunkatembenuka. Akamaliza ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, n'kukakhala pabenchi ya kuseri kwa khitchini, n'kumwa tiyi wawo mtima uli m'malo. Anthu ankati mayi amenewa anabadwa opanda nseru. Zinadzadziwika mochedwa kuti nseruyo inalipo, inkangodikira anthu ake.

Makina osokera anali a malemu amuna awo, amene anali telala wa pakhonde la sitolo. Bamboyo atamwalira achibale anafuna kuwagulitsa, koma mayiwo anawakhalira ngati nkhuku yofungatira mazira mpaka achibalewo anatopa okha. Anayamba ndi zigamba, kenako mayunifolomu a ana a sukulu. Poyamba misoko inkayenda ngati munthu woledzera, koma m'kupita kwa nthawi dzanja linawongoka.

Kathumbako kanabwera ndi mdzukulu. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye, anachira pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo kamwana kamene kanabadwako ukanatha kukabisa m'manja awiri. Makina ofunditsira ana m'wodimo anali awiri. Ena anafa kalekale ndipo anesi ankasungiramo mafayilo, m'makina enawo munali kale ana atatu. Sisita wamkulu wa wodiyo, mayi wamfupi wa mawu ngati a mwamuna, analamula kuti mwanayo amangiriridwe pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu, kuti azifunda ndi kutentha kwa thupi. Njirayo inali yabwino, koma nsalu inali ndi zake. Mfundo inkakhala kumsana, moti mayi sakanatha kutsamira. Akayamba kusinza nsalu inkakhwefuka, kamwana n'kumatsetsereka, kamutu n'kupindikira pansi, mpweya n'kumavuta. Mayi Ulusi anaonerera zimenezi masiku awiri, mopu ili m'manja. Tsiku lachitatu anapita kunyumba n'kutulutsa m'sutikesi malaya athonje a malemu amuna awo.

Chimene anasoka chinali ngati malaya opanda manja, okhala ndi kathumba m'kati, pachifuwa penipeni. Anaika kalamba kofewa kochirikiza mutu wa mwana, zingwe zomangira anaziika m'mbali, ndipo misoko yonse anaitembenuzira kunja kuti isakhule khungu. Batani kapena zipi sanaikepo. Mwana wawo atavala, anatsamira khoma n'kugona tulo tenitenti koyamba chichirireni, kamwana kali phee pamalo pake. Sisita anabwera, anapisa chala m'kathumbamo, anakoka uku ndi uku, kenako anauza mayiyo kuti awerame ngati akutola beseni. Kamwana sikanasunthe. Sisita sanayamikire, chifukwa mawu oyamikira m'kamwa mwake munalibe. Anangoti mawa abweretse tina tisanu.

Mdzukuluyo anapulumuka n'kukula, mpaka kukhala mtsikana wolongolola amene aphunzitsi amamudandaula. Mayi Ulusi atapuma pantchito, kusoka tithumba kunasanduka ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku. Anatenga azimayi ena awiri, mnansi wawo wamasiye ndi mkazi wa mlonda wa pachipatala, n'kumakhala nawo pakhonde lodontha, makina ali amodzi omwewo, wina akudula, wina akupinda. Mayi aliyense ankamuyeza ndi chingwe, pakuti chifuwa cha ntchembere yonenepa ndi cha mtsikana wa mimba yoyamba si chimodzi. Nsalu ankaichapa katatu asanaidule. Zipatala zina zinayamba kutumiza uthenga, ndipo manja asanu ndi limodziwo sanathenso kukwanitsa.

Ndi Sisita yemweyo amene anabweretsa nkhani ya bungwe lina. Linali bungwe lochokera kutali, lokhala ndi ofesi mumzinda, ndipo ntchito yake, malinga ndi pepala limene Sisita anabwera nalo, inali kufulumizitsa timabizinesi tothandiza pa zaumoyo kuti tikule msanga n'kufikira anthu miyandamiyanda. Osankhidwa ankaphunzitsidwa miyezi itatu, kenako n'kuimikidwa pamaso pa anthu achuma ofuna kuthandiza. Mayi Ulusi anaganiza za makina ena awiri ndi denga losadontha, ndipo anavomera.

Fomu yake inali ya pakompyuta, ndipo inkafuna kuti pakhale munthu wachiwiri wodziwa za mapepala. Apa m'pamene analowera mkamwini wawo, bambo wa mdzukulu uja, munthu wa sukulu zambiri amene satifiketi yake inali m'felemu pakhoma, mwini wake ali pampando wa pansi pake chaka chachitatu osapeza ntchito. Sanali munthu woipa. Apongozi ake ankawalemekeza, ndipo polankhula nawo ankayang'ana pansi. Pafomupo anadzilemba kuti ndi mkulu woyendetsa kampani, ndipo Mayi Ulusi atamva anaseka mpaka kutsokomola, nafunsa ngati kampaniyo ndi khonde lawo lomwelo kapena pali lina. Koma kalata yowasankha itafika mkamwiniyo anapita kukameta, ndipo anabwerako mapewa ali m'mwamba.

Maphunziro ankachitikira m'nyumba yosanja, m'chipinda cha kapeti chokhala ndi makina oziziritsa mpweya amene kuzizira kwake kunkawalowa Mayi Ulusi m'mawondo. Mabizinesi osankhidwa anali khumi. Wowaphunzitsa anali bambo wa zaka makumi atatu ndi zina, wa malaya osachita makwinya, amene ankamwetulira nthawi zonse. Ngakhale tsiku limene mmodzi wa ophunzira anapempha kuti akaike bambo ake, iye anapepesa mano ali panja. Mayi Ulusi anamutcha Mano Oyera, ndipo dzinalo linagwira mpaka kwa mlonda wa pachipata.

M'mawa uliwonse ankawaimiritsa mozungulira kuti aziponyerana mpira, aliyense wowakha anene loto lake. Kenako ankamata timapepala ta mitundumitundu pakhoma, n'kuombera m'manja aliyense amene wanena kanthu, kaya kanzeru kaya kopusa. Mayi Ulusi ankakhala kumbuyo ndi bambo wina wowotcherera zitsulo, amene ankapanga ndodo zoyendera olumala kuchokera ku mapaipi akale. Anagwirizana msanga, iye akuwatcha mlongo, iwo akumutcha achimwene. Bamboyo anawanong'oneza tsiku lina kuti chibadwire sanaombepo m'manja chonchi, ndipo akadzabwerera ku ntchito zikhatho zidzakhala zitafewa ngati za wansembe.

Si kuti zonse zinali zachabe ayi. Kumeneko n'kumene Mayi Ulusi anaphunzira kusokerera kansalu ka zithunzi kosonyeza machapidwe, kuti ngakhale mayi wosadziwa kuwerenga amve. Anaphunziranso kumafunsa pakatha mwezi kuti mwana wovala kathumba ali bwanji. Zimenezi amazichitabe mpaka lero, ndipo savomera kuti wina azinyoze.

Chimene chinayamba kununkha ndi mawu. Azimayi a m'wodi kumeneko ankatchedwa msika. Tsiku lina Mano Oyera analemba pabolodi chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane chaka chilichonse, anachizunguliza ndi cholembera chofiira, n'kunena kuti umenewu ndi mwayi waukulu woti sungauphonye. Anthu anaomba m'manja, mkamwini wawo akutsogolera. Nthawi ya tiyi itakwana, Mayi Ulusi anatenga keke koma inakana kutsika, ndipo anaikulunga m'pepala n'kuipatsa wowotcherera uja.

Sabata yachisanu inali ya nkhani. Aliyense ankayenera kukhala ndi nkhani ya mphindi zitatu yoti ikagwire mitima ya anthu achuma. Mayi Ulusi anafotokoza za mdzukulu wawo. Mano Oyera anati nkhaniyo ndi yokoma, koma vuto lake ndi loti mwanayo anakhala moyo, ndipo anthu achuma sagwidwa mtima ndi chinthu chimene chinatha bwino. Madzulo ake anawaitanira m'kachipinda ka magalasi, anawathirira madzi m'kapu, anakhala pafupi n'kutsitsa mawu.

"Amayi, ine nditengeni ngati mwana wanu. Okolopa m'chipatala muja analipo ambiri. Chinakupwetekani n'chiyani inuyo kuti mupite kukadula malaya a amuna anu?"

Palibe amene anali atawafunsapo funso limeneli, ndipo mwina n'chifukwa chake linawapeza osakonzeka. Anamuuza za mwana wawo woyamba, wamwamuna, amene anabadwa zaka makumi atatu ndi zitatu zapitazo m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, nayenso pa miyezi isanu ndi iwiri. Anamugoneka m'katoni, m'thonje, mabotolo a madzi ofunda ali m'mbali. Anakhala masiku anayi. Tsiku lachinayi tulo tinawaba, mabotolo anazizira, ndipo podzuka anapeza kamwanako kazizira nawo. Iwo ndi amuna awo sanaitchulenso nkhaniyi mpaka bamboyo analowa nayo m'manda, ndipo mwana wawo wamkazi sankadziwa n'komwe kuti anali ndi mlongo wake.

Mano Oyera anapukuta m'maso. Kanali koyamba kumuona atatseka pakamwa.

"Zimenezi zithere m'chipinda chino," anatero Mayi Ulusi.

Iye anaika dzanja pamtima. Foni yake inali patebulo chafufumimba, ndipo iwo sanaganizepo kanthu.

Patapita masabata awiri bungwelo linatumiza anthu ojambula kanema kuchipatala. Mayi Ulusi anavala diresi lawo labwino ndi nsapato zopolisha, koma wojambulayo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti akuoneka ngati munthu wosasowa kanthu. Anawabwerekera yunifolomu yakale ya okolopa ndi mopu, ngakhale anali atapuma pantchitoyo zaka zinayi zapitazo. Mkamwini anawanong'oneza kuti apongozi pirirani, ndi kanthawi kochepa. Anapirira.

Sisita tsiku limenelo anali ku msonkhano. Ojambulawo anayenda bedi ndi bedi ngati ogula mbuzi, mpaka anapeza kamwana kochepetsetsa m'wodi monse, kokhala ndi kapaipi m'mphuno. Mayi ake anali mtsikana wamanyazi amene sakanatha kukaniza anthu ovala bwino, ndipo anadinda chala papepala limene sanaliwerenge. Anakachotsa kamwanako m'kathumba, anakagoneka kopanda chofunda pafupi ndi windo, n'kutsegula windolo kuti kuwala kulowe bwino, nthiti zioneke. Wojambula anagwada, anaimirira, anasintha galasi la kamera, anagwadanso. Mayi Ulusi anali ataima pakona pamene anawaimika, maso ali pa milomo ya kamwanako, ndipo anaona ikuyamba kuda. Anaponya mopu, anamukankha wojambulayo ndi chigongono, ananyamula kamwanako n'kukabwezera pachifuwa cha mayi ake, namanga zingwe.

"Ameneyu ndi munthu, si tomato woyala pamsika," anatero.

Mano Oyera anapepesa kwambiri, mano ali panja, nasisita mtsikanayo paphewa. Atatuluka pakhomo anatulutsa kabotolo m'thumba n'kudzipaka mankhwala m'manja mpaka m'zala zonse, ndipo Mayi Ulusi anamumva akufunsa wojambulayo chapansipansi ngati wajambula pamene mayiwo amalanda mwana paja.

Kenako inabwera nkhani ya fakitale. Bungwe linati kusoka pakhonde n'kuseweretsa nthawi, tithumba tiyenera kutuluka zikwizikwi pamwezi, ndipo kuti zimenezi zitheke tiyenera kukhala ta saizi imodzi. Thonje analikana chifukwa limafuna kuchapa ndipo limakhwinyata, m'malo mwake anasankha nsalu yonyezimira yoterera. Zingwe anazichotsa n'kuikapo chomata chokhakhala chija chimene chimalira ukachimatula. Misoko inalowa m'kati, monga mmene makina a fakitale amasokera. Kalamba kochirikiza mutu anati kamachedwetsa ntchito, ndipo pamalo pake panabwera chizindikiro chachikulu cha bungwe. Mkamwini anasaina.

Kathumba koyamba ka ku fakitale katafika, Mayi Ulusi anakavala pakhonde pawo, azimayi awiri aja akuonerera. Anadzaza madzi m'botolo lolemera ngati mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, analiika m'kati, nawerama ngati akutola beseni. Botolo linatsetsereka n'kugwa pansi. Anayesa kachiwiri atamata mothina, linagwanso. Anaitana mkamwini n'kumuonetsa.

"Apongozi, mwana wanu uja akanavekedwa m'menemu, bwenzi lero mukungomukumbukira," anatero Mayi Ulusi.

Mkamwiniyo anayang'ana pansi monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno sikunali kulemekeza. Anakauza Mano Oyera, ndipo yankho linabwera loti zokonza zidzakonzedwa anthu achuma akavomera, chofunika panopa n'chakuti chinthucho chizioneka bwino.

Mayi Ulusi anafuna kungosiya osapitanso. Koma azimayi awiri aja anali akuyembekezera makina, Sisita anali atawaikira kumbuyo, ndipo mwana wawo anali atasita kale diresi loti akavale pa tsiku lalikulu. Choncho anapita. Botolo lija analiponya m'chikwama, osadziwa bwinobwino kuti akachita nalo chiyani.

Tsikulo linachitikira m'holo ya hotela. Anthu achuma anakhala kutsogolo, pa matebulo a nsalu zoyera, timbale ta makeke tili pakati. Mwana wa Mayi Ulusi anakhala mzere wachitatu pamodzi ndi Sisita. Wowotcherera uja ndiye anayamba, atavala jekete lobwereka lomuthina m'khwapa. Anaiwala mawu amene anamulowezetsa, anangokweza ndodo yake m'mwamba n'kunena kuti siithyoka, ndipo anthu anaomba m'manja mwaulemu, maso ali pa mafoni.

Itafika nthawi ya Mayi Ulusi magetsi anachepetsedwa, ndipo pakhoma la kumbuyo kwawo panayamba kanema. Anadziona ali ndi mopu. Anaona nthiti za kamwana kaja zitakula ngati zitseko. Kenako m'zokuzira mawu munamveka mawu amene anawazindikira mochedwa kuti ndi awo omwe, akufotokoza za katoni, za thonje, za mabotolo amene anazizira, kanyimbo kachisoni kakulira pansi pake. Anayang'ana mzere wachitatu. Mwana wawo anali atagwira pakamwa, maso ali pa iwo. Kutsogolo mayi wina wa ndolo zazikulu anapukuta misozi ndi kapepala, dzanja linalo likutola keke m'mbale. Chakumbali Mano Oyera anakweza zala zitatu, kuwakumbutsa zimene anawaphunzitsa, zoti kanema ikatha akhale chete kaye mpaka atawerenga katatu, kuti chisoni chilowerere.

Mawu amene anawaloweza anali akadali m'mutu, koma sanawanene. Anatenga kathumba ka ku fakitale kamene kanali patebulo, anakavala pamwamba pa diresi, anatulutsa botolo m'chikwama n'kuliika m'kati.

"Botolo ili likulemera ngati mwana mwamuona uja," anatero, womasulira akuwatsatira pambuyo.

Anawerama. Botolo linagwa pa matabwa ndi phokoso limene linamveka holo yonse, chitsekerero chinathawa, madzi anayenderera mpaka ku nsapato za a mzere woyamba.

"Ameneyo ndi mwana wa munthu. Mukamatumiza zimenezi m'zipatala, muzitumizanso timabokosi."

Womasulira anazengereza, koma anamasulira. M'holomo munati zii, ndipo kwa kanthawi Mayi Ulusi anamva mtima kupepuka, poganiza kuti tsopano awathamangitsa ndipo chinthucho chafera pomwepo. Kenako bambo wina wa dazi anayamba kuomba m'manja. Wina anatsatira. Posakhalitsa holo yonse inali chilili, manja akulira ngati mvula pa malata. Mayi wa ndolo uja anakwera pamene iwo anaima, anawakumbatira, fungo la mafuta ake likuwatseka mpweya, n'kunena kudzera mwa womasulira kuti sanaonepo chilungamo chotere, ndipo bizinesi yodziwa zofooka zake ndi imene iye amafuna kuithandiza. Pa mabizinesi khumi aja anasankha awiri, ndipo yoyamba kutchulidwa inali ya kathumba.

Mano Oyera anawapeza kuseri kwa katani. Za mawu amene anaba sanatchuleko.

"Amayi, lero mwandiphunzitsa ntchito. Botolo limeneli tiziyenda nalo kulikonse. Mwezi wamawa kuli msonkhano wina kunja, ndikuganiza kuti tipeze chidole m'malo mwa botolo, anthu akhoza kulira zenizeni."

Apo m'pamene m'mimba munatembenuka. Anamudutsa, anafunafuna chimbudzi, ndipo sanafike n'komwe pa sinki. Anasanza pa matailosi onyezimira mpaka kutuluka ndulu yokhayokha. Mayi wokolopa wa pahotelapo anabwera ndi ndowa, nawafunsa kuti adya chiyani. Anamuyankha kuti sanadye kanthu chidzukireni, ndipo anamulanda mopu n'kukolopa okha.

Pobwerera anakwera basi ndi mwana wawo, mkamwini atatsalira kujambulitsa ndi anthu achuma. Atatsala pang'ono kutsika, mwanayo anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti mlongo wakeyo dzina lake anali ndani. Mayi Ulusi anati sanafike pa dzina. Mwanayo anatenga chikwama cha mayi ake n'kuchinyamula mpaka kunyumba, ndipo anakhala mwezi wathunthu osalankhula ndi mwamuna wake.

Mapepala amene anatsatira Mayi Ulusi anakana kusaina, ngakhale Mano Oyera anaimba foni kambirimbiri. Zinapezeka kuti dzina lawo silinali lofunika kwenikweni, pakuti la mkulu woyendetsa kampani linali lokwanira. Kunena zoona, patapita miyezi a fakitale anabwezeretsa kalamba ka mutu ndipo nsalu anasintha, chifukwa nkhani ya botolo inali itamveka. Koma saizi inakhala imodzi yomweyo, misoko ili m'kati. Makatoni atafika pachipatala Sisita anatsegula imodzi, anapisa chala, anakoka uku ndi uku, n'kulamula kuti tizivekedwa ana okhawo amene alemera kale ndipo akutuluka. Makina osokera awiri aja sanabwere. Denga anadzalikonza ndi wowotcherera uja, amene sanasankhidwe ndipo anabwerera ku mapaipi ake. Anabwera Loweruka lina ndi malata akale atatu, nakana ngakhale kuthokozedwa.

Kenako kunabwera kalata ya maloya, yonena kuti kasokedwe ka kathumba tsopano n'kolembetsedwa m'dzina la kampani, ndipo wina aliyense wosoka popanda chilolezo akuphwanya lamulo. Anaibweretsa ndi mkamwini yemwe, thukuta lili kamukamu, akuti kalatayo si ya iwo apongozi, ndi ya anthu ena ongofuna kubera. Mayi Ulusi anamuuza kuti awawerengere kawiri. Atamaliza anamuthokoza, anatenga mulu wa nyuzipepala zakale, ndipo sabata yonseyo iwo ndi azimayi awiri aja sanasoke kanthu. Ankangodula patani ya kathumba pa nyuzipepala, ya saizi zitatu. Anapereka kwa aliyense wofuna: anesi osamutsidwira kwina, atelala a m'makonde, agogo odikirira odwala, ngakhale dalaivala wa ambulansi amene mkazi wake anali ndi makina. Lero tithumba timeneti timasokedwa m'malo amene iwo sanafikeko, tina mokhota, tina bwino kuposa tawo. Maloya aja sanalembenso.

Mkamwini tsopano ndi munthu wa maulendo. Ali ndi galimoto, amalankhula m'misonkhano, ndipo banja lake silisowa kanthu, zimene Mayi Ulusi sazinyoza, popeza mdzukulu wawo amadya momwemo. Akabwera kudzawaona amamupatsa mpando ndi tiyi, amakambirana za mvula ndi za sukulu ya mwana, ndipo akangoyamba kutchula za kampani iwo amadzuka kukaona ngati madzi awira.

Chaka chino maso ayamba kuwavuta. Diso lamanzere lachita ng'ala, moti ulusi amawalowetsera pa singano ndi mkazi wa mlonda. Adokotala awalembera opaleshoni mwezi wamawa ku chipatala chachikulu cha mumzinda, ndipo mkamwini anadzipereka kuti adzawaperekeza pa galimoto. Iwo anati basi ilipo. Mwana wawo anawakalipira, nati munthu womangidwa diso sakwera basi, ndipo asiye kuuma mutu ngati mwana. Anakangana masiku awiri. Pamapeto pake Mayi Ulusi anavomera, koma anati adzakhala kumbuyo, ndipo windo lidzakhala lotsegula njira yonse.